Makalata a omvera: ya Clonus ija mwaiseka, koma ena sanagone nayo

Takulandiraninso pa pulogalamu yathu ya mafilimu akale. Sabata yatha ndinakuuzani kuti mukasake Parts: The Clonus Horror, ya ku America ya 1979, ndiye makalata abwera ambiri, ena ondithokoza ena ondilalatira kuti ndawathera bandulo. Kwa amene simunaionere nkhani yake ndi iyi: kuli mudzi wina wobisika dzina lake Clonus kumene amalera anyamata ndi atsikana opangidwa kuchokera ku maselo a anthu olemera ndi andale, amawadyetsa bwino, amangokhalira kupalasa njinga ndi kuchita masewera, ndipo amawauza kuti ukachita bwino udzapita ku America. Tsiku lopita likakwana amakupangira kaphwando, kenako jakisoni, kukuika mu pulasitiki nkukuumitsa mu fuliji, kudikira tsiku limene mwini wako adzafune mtima kapena impso.

Yoyamba yachokera kwa achimwene ena a ku Ndirande. Akuti: "Akulu inu mwationjeza, filimu yanji imeneyi anthu ake akuyankhula ngati angodzuka kumene, zovala zake ngati timu ya mpira ya ku pulayimale, ndiye munthu azindikire kuti akunamizidwa chifukwa choti watola chitini cha mowa mu mtsinje?? Ine ndi anzanga tinangoseka mpaka mapeto, ku vidiyo shoo akaika imeneyi anthu angaitanitse ndalama zawo."

Achimwene, kusekako sindikukuletsani, inenso pena ndinaseka. Filimuyi inapangidwa ndi ndalama zokwana 257,000 dollars basi, ku Hollywood imeneyo ndi ndalama ya ndiwo, ndiye musayembekezere zophulika. Ndipo si inu oyamba kuiseka, mu 1997 pulogalamu ina ya pa TV ku America, Mystery Science Theater 3000, imene ntchito yake inali kuonetsa mafilimu osalongosoka kwinaku akuwanyoza, inaitenga nkuiseka bwinobwino, ambiri anaidziwira pomwepo. Koma za chitini chija ndikutsutsani. Pachitinipo panalembedwa Milwaukee, Richard, mnyamata wa ku Clonus amene anachitola uja, mawu amenewo sanawamvepo chibadwire, atafunsa anamuzembaitsa, mpaka anakapeza yekha pa mapu kuti ndi dzina la mzinda weniweni. Munthu woleredwa mu mpanda amadzuka ndi kanthu kakang'ono choncho. Ndiponso kuyankhula kogona kuja mbali ina nkochita kufuna, nkhaniyo imati ambiri mwa iwo anawapanga dala kuti akhale ochepa nzeru asamafunse mafunso, ngakhale ndivomereze kuti ena mwa osewerawo sindikudziwa ngati ankachita kuyeserera.

Yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Chipata, ndipo iyi ndaiwerenga katatu. "Bambo muulutsi, ine sindinaseke. Pamene ankamupangira phwando mnyamata uja kuti akupita ku America anzake akumuwombera m'manja, ine ndinakumbuka mwana wa mchemwali wanga amene tinamuperekeza ndi nyimbo atapeza ntchito kunja kudzera mwa munthu wina, kufika uko anamulanda pasipoti, tinavutika kuti abwerere. Mufilimumo akuti America, kwathu kuno timatchula maiko ena, koma bodza lake ndi lomwelo. Usiku umenewo tulo sindinatione."

Mayi, pepani kwambiri, ndipo tithokoze kuti mwanayo anabwerera. Mwagwira pamene ine ndimaikondera filimu imeneyi. Amene anaipanga, Robert Fiveson, analibe ndalama koma anadziwa chinthu chimodzi, kuti ukafuna kusunga anthu mu khola sufunika mfuti zambiri, umangowalonjeza malo abwino kutsogolo, iwo eni amayamba kupikisana kuti apite ndani poyamba. Muonenso kuti ana a ku Clonus aja anawaika kachitsulo pa khutu ngati ng'ombe za pa famu ndipo palibe amene akudabwa nako chifukwa aliyense ali nako. Ndiye woipa wamkulu mufilimumo si dokotala wamisala ayi, ndi bambo wooneka bwino wa imvi zake, Peter Graves uja wa Mission: Impossible ya pa TV, akusewera ngati wandale amene akufuna upulezidenti, akumwetulira pa msonkhano pomwe ziwalo zake zosinthira zili mu fuliji. Ine malo amene amandizizira nkhongono ndi pamene Richard wathawa nkukapeza bambo amene anatengedwako maselo ake, nkhope imodzimodzi kungoti winayo ndi wachikulire, ndiye banja lija layamba kukambirana ngati mnyamatayu ndi munthu kapena katundu, iye ali pomwepo m'nyumbamo.

Wina wa ku Mzuzu wangolemba mzere umodzi: "Iyi si The Island ija koma yosauka?" Tembenuzani mchimwene, The Island ya Michael Bay ija ya Ewan McGregor ndi Scarlett Johansson inatuluka 2005, patapita zaka 26, ndipo inadya pafupifupi 126 miliyoni dollars. Eni ake a Clonus ataona kufanana kwake anakasuma, nkhani inathera kunja kwa khoti. Uko amati ukupita ku chilumba, kuno amati ku America.

Tsopano iyi ya mphunzitsi wina wopuma wa ku Dedza, yaitali koma ndidula. Akufunsa kuti: "Kodi zimenezi zingatheke? Adzukulu anga akuti azungu anapanga kale nkhosa mwa njira imeneyi. Ngati atandipanga wina ine, adzakhala akudziwa zonse zimene ndikudziwa, ngongole zanga zomwe? Nanga mzimu wake udzakhala wa ndani?"

Aphunzitsi, za mzimuzo ndisiyira abusa ndi mashehe, ine ndingoyankha zimene ndingathe. Adzukulu sananame. Nkhosayo inali Dolly, inabadwa pa 5 July 1996 ku Roslin Institute kufupi ndi Edinburgh ku Scotland, dziko linauzidwa mu February 1997. Gulu la a Ian Wilmut linatenga selo ya ku bere la nkhosa yaikulu nkuiphatikiza ndi dzira la nkhosa ina limene analichotsa za m'kati zonyamula chibadwa, kenako nkuika m'mimba mwa nkhosa yachitatu. Anayesa 277, inabadwa imodzi yokha. Dolly anabereka ana ake bwinobwino, anafa mu February 2003 atadwala mapapo. Mu 2018 ku China analengeza kuti apanga anyani awiri mwa njira yomweyo. Koma munthu wobadwa chonchi palibe amene anaonetsedwa ndi umboni, ndipo maiko ambiri analetsa.

Komatu aphunzitsi inu nomwe mumachita zimenezi chaka ndi chaka. Mukadula phesi la chinangwa nkubzala, kapena mphukira ya nthochi, kapena nzimbe, chomeracho chibadwa chake ndi chimodzimodzi ndi mayi wake, ndiye kuti mwachita kale cloning kumunda osavala gawuni loyera. Ndipo mukudziwa kuti phesi lomwelo lina mukabzala ku dimba lina pa mchenga sizibereka mofanana. Munthu naye chimodzimodzi, akanakhala ngati mapasa ofanana nkhope kungoti wina wabadwa mochedwa ndi zaka makumi angapo, abadwa khanda, aphunzira yekha kuyenda, za ngongole zanu sadziwa kanthu. Apa filimuyi inachita bwino kuposa mafilimu ena odula amene munthu amatuluka mu makina ali ndi ndevu kale, ku Clonus amawalera kuyambira ali ana, ndipo Richard ndi mwini wake uja maganizo awo ndi osiyana. Musaiwalenso nthawi imene inapangidwa, mtima woyamba kuikidwa mwa munthu wina zinachitika ku Cape Town mu December 1967 ndi dokotala Christiaan Barnard, mwana woyamba wa mu botolo, amene dzira ndi umuna anaziphatikiza kunja kwa thupi, Louise Brown, anabadwa 1978, ndiye 1979 anthu anali ndi mantha enieni kuti madokotalawa atifikitsa kuti. Ndipo chifukwa chake chosungira wofanana nawe chili ndi nzeru, thupi limakana chiwalo cha mlendo, cha mapasa wako silikana.

Yomaliza yachokera kwa mtsikana wina amene ali ku Johannesburg, akudandaula kuti mathero ake anamukhumudwitsa, Richard wagwidwa waumitsidwa, chibwenzi chake Lena amuwononga ubongo akungomwetulira, mtolankhani wokalamba amene anamuthandiza waphedwa ndi bomba pamodzi ndi mkazi wake, "ndiye ndaonereranji ine ola limodzi ndi theka?" Achemwali, mwina munazimitsa msanga ndi mkwiyo, bwezani pa mphindi zomalizira, tepi ya zinsinsi imene Richard anaba ku Clonus inafika kwa atolankhani ndipo wandale uja akufunsidwa za Clonus pamaso pa makamera, nkhope yake muione bwino pamenepo. Makalata otsala tiwerenga sabata ya mawa, ndipo bambo a ku Salima amene mwalemba masamba anayi pa nkhani ya njinga zokha za mufilimumo, chonde fupikitsani.