Makalata a Omvera: Wophunzitsa Ena Torah Aziphunzira Liti?

Tafika pa makalata anu. Iyi yachokera ku Johannesburg, kwa mayi amene analowa Chiyuda atakwatiwa, ndipo pano amathandiza ophunzira achiyuda a pa yunivesite. Akuti:

"Achimwene, tsiku langa lonse limathera pa ana a eni. Lachisanu ndikonze chakudya cha Shabbat (tsiku lopumula la Ayuda) cha gulu lonse, mkati mwa sabata uyu walakwa mayeso, uyo chibwenzi chatha, onse akufuna wowamvera. Ndimawauza kuti aziwerenga Torah (malemba opatulika achiyuda), koma ineyo buku ndimalitsegula pokhapokha ndikamakonzekera zokawaphunzitsa. Kodi ndiyambe Daf Yomi kuti ndidzimange?"

Zikomo Mayi. Kwa amene simukuidziwa, Daf Yomi ndi ndondomeko imene Rabbi Meir Shapiro anayambitsa mu 1923: tsamba limodzi la Talmud (mabuku akale ofotokoza malamulo achiyuda) tsiku lililonse, masamba 2,711, ulendo wa zaka pafupifupi 7 ndi theka. Ndi chinthu chokongola, koma ine ndikuti musayambire pamenepo. Tsamba limodzilo ndi kuseri ndi kuseri, lodzaza Chiaramu ndi mikangano ya aphunzitsi achiyuda akale, ndipo kwa woyamba kumene limadya ola lathunthu. Ndiye taganizirani September ndi October: masiku opatulika a Rosh Hashanah, Yom Kippur ndi Sukkot amangotsatana, kwanuko mayeso otsekera chaka ali pakhomo. Mukaphonya sabata imodzi mwatsalira masamba 7, ngongole yakula, mwagwa mphwayi.

Tengani katundu woti musenza ngakhale tsiku loipa. Mishnah Yomit ndi ndondomeko yowerenga ndime ziwiri zokha patsiku za Mishnah, buku la malamulo limene Talmud imatambasula. Palinso 929, yomwe inayamba ku Israel mu 2014: chaputala chimodzi cha Tanakh (Baibulo la Chiheberi), masiku asanu pa sabata. Malemba onsewa ali pa webusayiti ya Sefaria, ulere, pafoni pomwepo.

Nkhani yaikulu ndi nthawi. Mu Pirkei Avot, buku la malangizo a aphunzitsi akale, mphunzitsi Shammai akuti kuphunzira Torah kukhale ndi nthawi yake yoikika, ndipo mphunzitsi Hillel akuchenjeza kuti usamati ndidzaphunzira ndikadzapeza mpata, chifukwa mwina mpatawo sudzapezeka. Ana a pa yunivesite amagona mochedwa, mavuto awo amabwera madzulo. Choncho mmamawa ndi wanu. Pezaninso chavruta, mnzanu wowerenga naye, koma asakhale mmodzi wa anawo, chifukwa mudzangoyambanso uphunzitsi. Akhale munthu woti mukajomba akuimbireni foni n'kukufunsani.

Apa palowa uthenga wa pa WhatsApp kuchokera kwa bambo ena ku Cape Town: "Kodi kukonzekera phunziro si kuphunziranso komweko?"

Ndi kuphunzira ndithu, Bambo. Koma pokonzekera, munthu amasankha ndime zimene zikawagwire mtima ana, zovuta n'kuzilumpha. Zaka zikamapita amangozungulira m'nkhani za Genesis ndi Eksodo, malamulo a nsembe a mu Levitiko osawakhudza n'komwe. Ndondomeko yoikika ilibe tsankho, imakufikitsa ndi pamene sukanasankha wekha.

Mayi a ku Johannesburg, maholide a Sukkot akadutsa mutilemberenso, timve mwasankha iti. Tipume kaye ndi nyimbo, tikabwerako tili ndi kalata ya ku Leeds.