Za oyilo wa m'stata ya chigayo: uthenga kwa anyamata a kushopu

Anyamata, mwaswera bwanji. Mawa mupita ku Kawale kukaona stata ya chigayo ija, bokosi loyatsira mota lija, ndiye mvetserani bwino.

Musanagwire chilichonse, zimitsani pa meni, zulani mafyuzi muike m'thumba mwanu, kenako yesani ndi tesita mawaya onse atatu. Paja apo ndi 400 volts, si magetsi a m'nyumba a 230 ayi. Mukatero mutsitse tanki ya oyilo ya statayo.

Ma contact aja, tizitsulo ta kopa tolumikiza ndi kudula magetsi, amakhala m'oyilo pa chifukwa. Akamalekana mota ikukoka, pakati pawo pamathetheka moto. Oyiloyo amazimitsa motowo msanga, amaziziritsa, komanso amatchinga fumbi la ufa, limene likhoza kuyaka. Ndiye ma contact amire onse, oyilo afike pa mzere wa pa tanki. Akatsika, moto umathetheka pamwamba pamene pali mpweya wochokera m'oyilo, ndipo tanki ikhoza kuphulika.

Tungani pang'ono wa pansi penipeni, muike m'botolo loyera ndi louma. Wabwino amaoneka mbee, wachikasu pang'ono. Akada ngati mwaye, ndiye kuti moto uja wamuwotcha kwa nthawi yaitali, musinthe. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi, makamaka mvula ikayamba mu Novembala. Madzi amalemera kuposa oyilo, amakabisala pansi, pamwamba pakuoneka bwinobwino. Donthezani oyiloyo pa chitsulo chotentha muli panja. Akamalira kuti thetheee, muli madzi. Mukhuthule yense, mupukute ndi nsanza yosasiya ulusi, muone gasiketi ngati yang'ambika.

Ma contact akumbika pang'ono, palani ndi felo yosalala, musadye kopa wambiri. Opsereratu musinthe onse atatu limodzi.

Tsono apa ndikupemphani: thirani oyilo wa thiransifoma yekha, wa m'chigubu chomata. Mwini chigayo akakupatsani oyilo wa injini, mukane mwaulemu. Muli mankhwala ena osayenera magetsi, ndipo wogwira kale ntchito amakhala ndi tizitsulo. Wogulitsidwa m'mabotolo m'njira musagule, nthawi zina ndi wobedwa m'mathiransifoma a ESCOM, ndipo anthu amagona mumdima chifukwa cha zimenezo.

Oyilo wakale wa m'tankiyo mugwire mutavala magulovu, chifukwa makina akale ena ali ndi PCB, poizoni. Osataya m'ngalande, osapatsa munthu. Mutseke m'chigubu mubwere naye kushopu. Musanayatse, ndiimbireni.