Achimwene, za mabuku a chigayo cha ku Songani

Achimwene, mwaswera bwanji? Ndangoweruka kumene, kuno ku Leeds kwazizira koopsa, ndiye mawu akamanjenjemera mundipirire. Mapepala munajambula aja ndawawerenga onse m'basi. Kugula chigayocho munachita bwino, koma momwe mwaphatikizira mabuku ake ndi a holoselo yathu, akubanki akubwezerani.

Tiyambire pa tsiku logula, 1 July. Mitengo yakale imene madala aja anakugulitsani chigayocho analemba m'mabuku awo isiyeni, tikufuna mtengo wa katunduyo pa tsiku limenelo. Woyesa mitengo uja anati makina, nyumba ndi lole zikukwana K60 miliyoni. Tichotsepo ngongole zawo za K15 miliyoni, yatsala K45 miliyoni. Inu munagula magawo 80 pa 100, ndiye gawo lanu ndi K36 miliyoni, pomwe munapereka K40 miliyoni. K4 miliyoni yapamwambayo sinatayike ayi. Ndi imene timati goodwill. Munagula dzina la chigayocho, munagula amayi aja amafola m'mamawa ndi matumba pamutu kuchokera ku Domasi. Imalembedwa payokha ngati chuma, ndipo chaka chilichonse mumaunika ngati sinatsike.

Pophatikiza musatenge magawo 80 okha. Chiwongolero chili ndi inu, ndiye katundu ndi ngongole zonse za chigayo zilowe zathunthu. Kenako pakhale mzere wa madala aja, magawo awo 20, omwe tsiku logula anali K9 miliyoni.

Tsono apa mumvetsetse, chifukwa ndi pamene pandidetsa nkhawa. Holoselo ili ndi ngongole ya ufa ya K3 miliyoni kuchigayo. Inu mwailemba kuwiri, uku ngati ndalama yodzalandira, uko ngati yodzabweza. M'mabuku ophatikiza ifafanizeni konse kuwiri. Ndalama yangochoka m'thumba la malaya kulowa m'thumba la thalauza, munthu wake ndi yemweyo. Malonda a ufa a pakati pa awiriwa nawonso achoke. Ndiye pali matumba aja ndinawaona pa chithunzi, osanjikizana mpaka kudenga kuseri kwa kauntala. Chigayo chinalemba kale phindu pa ufa umenewo, koma palibe munthu wakunja waugula. Phindulo lichotsedwe kaye mpaka ufawo utatuluka pakhomo.

Phindu la chigayo la January mpaka June lisalowe m'phindu lanu, munaligulira kumodzi mu K40 miliyoni ija. Lanu likuyambira July. Za MRA zokha musaphatikize, kampani iliyonse imalipira msonkho wake payokha.

Mawa muwapemphe alamu awerenge matumba otsalawo, alembenso mtengo umene holoselo inagulira ndi umene chigayo chinawonongera pa thumba limodzi. Munditumizire pa WhatsApp, Loweruka ndikhala nazo pansi. Amayi muwapatse moni, muwauze mankhwala a miyendo aja ndawapeza.