Tsitsi likapsa silipola, amayi anzanga

Mwaswera bwanji amayi anzanga nonse pagulu pano, a kuno ku Ulongwe, a ku Tsangano, ndi inu muli ku Moatize ndi ku Tete. Ndati ndingojambula mawu, kulemba kungatalike. Pa saluni pakubwera atsikana ambiri tsitsi litafiira kunsonga, ukangolowetsa chipeso tizidutswa mbwee paphewa. Zikundiwawa, chifukwa zambiri mwa izi n'zopeweka.

Mvetsani ichi kaye. Tsitsi likatuluka pakhungu mulibe magazi, ndiye likapsa silipola. Mafuta odula bwanji angolisalaza pamwamba basi. Ntchito yonse ili pa kuteteza.

Ndiyambe ndi pulancha, chitsulo chamagetsi chowongolera tsitsi chija, pakuti wolakwa wamkulu ndi ameneyu. Musaiike pa tsitsi lonyowa, ngakhale lachinyezi pang'ono. Mukamva kuti tsiii, nthunzi n'kumatuluka, amenewo ndi madzi akuwira m'kati mwa tsitsi. Madzi amawira pa madigiri 100, pomwe pulancha zambiri zimafika 230. M'katimo mumachita timatuza, ndipo pamenepo ndi pomwe lidzadukire. Umitsani kaye bwinobwino, ikani pulancha pakati pa 150 ndi 180, gwirani tsitsi pang'onopang'ono, dutsani kamodzi, mukachulutsa kawiri. Osati kubwerezabwereza pamodzimodzi mpaka fungo la kupsa litadzaza nyumba. Inu a chipeso chachitsulo cha pambaula, chimenecho chilibe nambala, choncho chiyeseni kaye pa pepala loyera. Pepala likachita bii, dikirani chizizire.

Mankhwala owongolera tsitsi aja ambiri ali ndi soda wowotcha uja, eetu. Pakani pa tsitsi lomera kumene lokha, osati lowongola kale. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndiye dikirani masabata 8 musanabwereze. Pakani Vaseline m'mphepete mwa mutu ndi pamakutu. Akayamba kuwotcha, tsukani pompo ndi madzi ambiri, musapirire ati kuti liwongoke bwino. Ndipo mankhwala ndi pulancha tsiku limodzi, ayi, ngakhale ukwati uli mawa.

Zotsukira, sopo wochapira zovala musiyeni kuzovala. Amachotsa mafuta onse, tsitsi n'kuuma gwa. Ngati mjigo wa kwanu uli ndi madzi amchere, m'dzinja tapaniko madzi a mvula otsukira kumutu.

Inu a ku Tete mukudziwa dzuwa la Okutobala ndi Novembala, limapitirira madigiri 40, ndipo ku Moatize kuli fumbi la malasha lija. Mangani duku potuluka masana, koma musamange pa tsitsi lonyowa. Ife a ku Angonia chathu ndi chisanu cha Juni ndi Julayi, nachonso chimaumitsa. Konseko njira ndi imodzi: wazani timadzi kaye, kenako mafuta a nsatsi kapena a kokonati pang'ono chabe kuti atsekere chinyezicho. Mafuta pa tsitsi louma kale amangokopa fumbi.

Zodzuka m'mawa tsitsi litapotana, chipeso osalowa, zimayamba usiku. Musanagone lukani zingwe zikuluzikulu zinayi kapena zisanu, mumange kansalu koterera ka satini. Pilo wa thonje amamwa mafuta onse. Popesa yambirani kunsonga kupita kumizu, ndi chipeso cha mano otalikirana.

Meshi, chonde amayi, makamaka pa ana. Mwana akamalephera kugona, pamphumi patatuluka tiziphuphu, ndiye kuti mwathina. Masulani tsiku lomwelo, chifukwa tsitsi la m'mphepete likazuka kawirikawiri limaleka kumera. Ndipo meshi isapitirire miyezi iwiri pamutu.

Amene lapsa kale, tengani sizasi yakuthwa, osati lezala, mudule nsonga zogawanikazo, chifukwa mukazisiya zimang'ambika kukwera m'mwamba. Pulancha muisunge m'chikwama miyezi itatu, muziluka zosathina kufikira latsopano litamera. Amene ali ndi zilonda za mankhwala pamutu ayambe wapita kuchipatala, asapakenso kanthu.