Makalata a omvera: "Ndikatseka maso ndimamva madzi"

Moni nonse kunyumba, kumsika ndi m'maminibasi. Sabata ino makalata ambiri akukamba za kukhala phee, kutseka maso n'kumatsatira mpweya wako, zimene pa foni amati meditation.

Ndiyambe ndi mayi a ku Chilobwe. Alemba kuti: "Mwana wa mchemwali wanga wa ku Johannesburg anandiikira pulogalamu pa foni yoti ndizikhala chete mphindi 10 m'mawa uliwonse. Iye akuti zimamuthandiza. Koma ine ndikangotseka maso ndimamva mkokomo wa madzi ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, ngati usiku uja wa namondwe wa Freddy. Mtima umagunda kwambiri, thukuta kamukamu. Kodi ndine wofooka?"

Mayi anga, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Simuli wofooka ayi. Munthu amene anaona matope akukokolola nyumba za anzake mu Marichi 2023, ntchito ndi phokoso la masana zimamutchinjiriza. Akangokhala duu, zonse zija zimabwerera. Njira ya meditation imeneyi inachokera kwa anthu a chipembedzo cha Chibuda, ndipo katswiri wina, Jon Kabat-Zinn, anailowetsa m'chipatala ku Massachusetts, ku America, mu 1979 pofuna kuthandiza anthu a ululu wosatha. Ambiri yawathandizadi, sindikutsutsa. Koma mu 2017 ofufuza a ku Brown University, mmodzi mwa iwo Willoughby Britton, analemba zimene anamva kwa anthu ochita zimenezi: ena anagwidwa mantha, ena tulo tinawathawa, ena mabala akale a mumtima anadzukanso. Ndiye si inu nokha.

Yambani mwaisiya pulogalamuyo. Mukafuna kukhazika mtima pansi, maso akhale otsegula. Yendani, imbani kukwaya, khalani pakhonde ndi mnzanu womukhulupirira mumuuze za usiku umenewo. Ndipo pitani ku Queens, kuli madokotala a matenda a maganizo. Palibe chamanyazi pamenepo.

Inu ana athu a kunja, chikondi chanu tikuchiona, komatu musamangotumiza zinthu osafunsa. Makalata odandaula otere ndalandira angapo. Mayi akukuuzani kuti zikundiwawa, inu mukuti limbikirani basi. Imbani foni, mufunse kuti akugona bwanji, kenaka mumvetsere mpaka amalize.

Bambo a ku Mchinji akuti akayesa amangogona. Bambo, munthu wodzuka 4 koloko kukathirira kudimba, tulo timeneto n'toyenera, bola musachite mkonono pamaso pa apongozi!

Mchemwali wa ku Mzuzu akufunsa ngati ndi tchimo. Kambiranani ndi abusa anu, poti kulingirira mwakachetechete m'mapemphero tinakupeza kale.

Koma achimwene a ku Balaka, amene mwasiya mankhwala a BP chifukwa mwaphunzira kupuma mozama, inu ndiye ndikudzudzulani. Mawa m'mawa mukayezetse magazi kuchipatala.

Mayi a ku Chilobwe, mwezi ukatha mundilemberenso. Ndikufuna kumva ngati tulo tabwerera.