Kamwanapiye kotangadza miyendo kaja, yambani nako lero lomwe

Mlamu, mwaswera bwanji? Kavidiyo ka kamwanapiye kaja ndakaonera kawiri konse, ndiye ndati ndingokujambulirani mawu, kulemba kunditalikira. Mumvetsere muli pafupi ndi bokosilo.

Mwati kagogomola dzana, eti? Ndiye mwayi ulipo, bola musagone nazo. Masiku oyambirirawa mafupa ake amakhala anthete, amalola kuwongoledwa. Kakatha masabata awiri kali chomwecho, kamakhwimira momwemo, ndiye muzidzangovutika pachabe.

Tisanafike pa miyendo, chotsani nyuzipepala mwayala pansiyo. Ndiyo ikukapundula. Nyuzipepala, pulasitiki, katoni yosalala, zonsezi n'zoterera. Kamwanapiye kakamati kaime, zala zimasowa pogwira, mwendo wina uku wina uko, mpaka chiuno chimazolowera. Yalani thaulo yakale kapena chiguduli, chinthu chokhakhala. Koma muonetsetse kuti palibe ulusi wolendewera, umakola tizala.

Tsopano kumanga. Tengani pulasitala wa pachilonda uja, mudule kachidutswa kotalika ngati chala chanu, m'lifupi kosapitirira sentimita imodzi. Mbali imodzi kulungani pa mwendo, pakati pa phazi ndi bondo. Osati pa bondo penipenipo, ayi, m'munsi mwake. Mbali inayo kulungani pa mwendo winawo, pamalo ofanana. Pakati pasiyeni mpata wa masentimita awiri kapena atatu. Osadandaula ndi rula, ingoyang'anani mnzake wabwinobwino mmene waimira, miyendo ili pansi pa thupi, mutengere pamenepo. Mpata ukachepa kazingogwa chafufumimba, ukakula ndiye simunachite kanthu. Pamene zomata zikukhudza khungu, yambani mwaikapo kathonje, apo ayi tsiku lomasula mudzakasupula. Ndipo musathinitse. Mukatha, dikirani pang'ono mukhudze timapazito. Phazi likazizira, likatupa kapena likayamba kuda, masulani pomwepo muyambirenso.

Kalira, ndikuuziranitu. Kagwa, kagubuduka, inu muyamba kudziona ngati wankhanza. Musamasule. Ine chimene ndimachita, ndimatenga kapu, n'kuyala kansalu pansi pake, n'kukaimika m'menemo kwa mphindi zisanu kapena khumi, kangapo patsiku. Kamadzikankha kufuna kutuluka, m'menemo miyendo ikulimba. Tsiku lililonse masulani, mukaike pa thaulo muone. Kakaima kokha, mwathana nazo. Kakayambanso kutangadza, mangani ndi pulasitala watsopano, chifukwa kamwendoko kakukula, wadzulo angathe kuthina lero. Ambiri amawongoka m'masiku atatu kapena anayi, ena amafika sabata.

Ndaonanso phazi lakumanzere zala zakhwinyata ngati kakufumbata kanthu. Limenelo lifuna nsapato. Musaseke, nsapato zenizeni. Dulani kakatoni kopyapyala kofanana ndi phazilo. Muwongole zala pang'onopang'ono, zitatu kutsogolo zotayana, kachinayi kumbuyo, muzigoneke pa katonipo, pamwamba muphimbe ndi pulasitala. Apa mufunika munthu wokugwirirani, nokha simungathe, kamapalapata kwambiri. Pansi pa nsapatoyo matanipo pulasitala wina kuti isamaterere, ndipo muziisintha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Zomata zikakanirira, donthezanipo mafuta ophikira, zimatakasuka zokha. Osamatula mwamphamvu.

Pa madzi ndiye ndichenjeze kwambiri, chifukwa ine zinandionekera. Ndinamanga kena bwinobwino, katayamba kale kuima, m'mawa ndinakapeza kafera m'mbale ya madzi, timadzi tosafika ndi pa mfundo ya chala. Kanagweramo n'kulephera kudzuka. Ndiye gwiritsani chivindikiro cha botolo, kapena mbale yosaya muthiremo timiyala. Kakamalephera kufikira, kanyamuleni muviike nsonga ya mlomo, kameze kokha. Osakatsanulira madzi m'kamwa, amalowera ku mapapo.

M'madzimo muzisungunulamo mavitamini a nkhuku, muwerenge papaketi kuti mulinso B2, ena amalemba riboflavin. Kusowa kwa ameneyu, kaya mwa mwanapiye kaya mwa thadzi limene linaikira dziralo, kumapinditsa zala chonchi. Muyezo tsatirani wa papaketi, musawonjezere poti kakudwala. Chakudya chikhale starter, chija chopangira anapiye aang'ono. Cha nkhuku zoikira musakapatse, kashiamu wake ndi wochuluka, amawononga impso za anapiye.

Kapatuleni kwa anzake, angakapondereze, komanso pulasitala woyerayo amakonda kumujompha. Koma kokhakokha sikadya, kamangolira. Ikaniko mnzake mmodzi wofatsa, kapena mugawe bokosilo ndi kawaya aziwonana. Kutentha sabata yoyambayi kukhale madigiri 32 mpaka 35. Muziyang'ana pafupipafupi, chifukwa anzake akatenthedwa amasuntha okha, iko sikangathe kuthawa getsi lowatenthetsalo.

Pali vuto lina limene pavidiyo sindingalione, mulifufuze ndi zala. Papasani kumbuyo kwa bondo. Likakhala lotupa, lophwatalala, mwendo n'kupotokera kumbali kuyambira pabondopo, ndiye kuti mtsempha waukulu wachoka m'ngalande yake. Zimenezi kawirikawiri zimabwera chifukwa chosowa manganese, umodzi mwa michere yofunika m'thupi, m'chakudya, ndipo kumanga kuja sikuthandiza. Zikakhala zatsopano mtsemphawo umatha kubwezeretsedwa, koma umachokanso msanga, ndiye pitani nako kwa alangizi a ziweto, musalimbane nako nokha. Kakafika posiya kudya, kakungolira ndi ululu, iwowo akuthandizani kukapumitsa mosakazunza. Sizikoma, koma nthawi zina zimatero.

Komanso mundiuze, ndi kokhaka kapena alipo ena? Akakhala angapo, kayang'aneni makina oswetsera aja. Kutentha kumayenera kukhazikika pa madigiri 37.5, kukamakwera n'kutsika anapiye amatuluka olumala chonchi. Pansi pa thireyi yogogomolera muziyalaponso kansalu. Ndipo kakachira kameneka, muzingokaweta, mazira ake musadzaswetse, nthawi zina zimayenda m'magazi.

Basi, yambani ndi thauloyo. Mukamanga mundijambulire chakumbuyo, kataima, ndione ngati mpatawo wakwana.