Tepi sidziwa nyengo: kujambula ndi kusunga nthano za Anavajo

[Chithunzi: katoni yodzaza matepi akale]

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mphunzitsi wina wa pa Utah State University, Barre Toelken, anatenga matepi amene anajambula kwa zaka pafupifupi 30, n'kuwalongedza m'katoni, n'kuwatumiza kwa mayi wina wamasiye wa mtundu wa Navajo. Munali maola opitirira 60 a mawu a malemu amuna awo, a Hugh Yellowman, akukamba nthano. Toelken ankadziwa kuti banjalo likhoza kukawawononga matepiwo, koma anatumizabe. Kwa munthu amene ntchito yake ndi yosunga zakale, kumeneku kuli ngati kuyatsa nkhokwe yodzaza chimanga. Nanga anachitiranji zimenezi?

Moni nonse, takulandirani. Lero tili kumwera chakumadzulo kwa dziko la America.

[Mapu: Arizona, New Mexico, Utah]

Anavajo eni ake amadzitcha Diné. Dera lawo, Navajo Nation, lili m'zigawo zitatu zimene mukuonazi, ndipo likulu lake ndi Window Rock. Olembetsedwa ngati a mtunduwu ndi pafupifupi 400,000, koma olankhula chinenerocho safika ndi theka lomwe, ndipo ambiri mwa iwo ndi akuluakulu. Chifukwa chimodzi ndi sukulu zogonera konko, kumene ana ankalangidwa akalankhula chinenero cha makolo awo. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, unasakaza kwambiri derali n'kutenga agogo ambiri. Choncho changu chojambula chilipo, ndipo n'chomveka.

Kujambulako sikunayambe dzulo. Dokotala wa asilikali, Washington Matthews, anajambula nyimbo za Anavajo pa timigolo ta phula zaka zoposa 100 zapitazo. Kenako, kuyambira 1966 mpaka 1972, ndalama za Doris Duke, amene chuma cha kwawo chinachokera ku fodya, zinalipirira mayunivesite angapo kuti ajambule mbiri ya eni nthaka a ku America. Panatuluka zojambula zoposa 6,000, zina mwa izo za Anavajo. Matepi ambiri anangokhala m'mashelefu a mayunivesite, kutali ndi adzukulu a omwe analankhulawo. Anavajo nawonso sanangokhala. Koleji yawo, yomwe inatsegulidwa mu 1968 ndipo lero imatchedwa Diné College, inasonkhanitsa zimene akuluakulu anamva kwa makolo awo za ulendo wowawa wa mu 1864, pamene asilikali a boma la America anawayendetsa wapansi mpaka ku Bosque Redondo, malo a ku New Mexico kumene anakawasunga ngati akaidi. Anabwerera kwawo mu 1868.

[Chithunzi: rekoda ya m'manja, maiki, mahedifoni]

Tibwere ku zida. Masiku ano chojambulira chimakwana m'thumba la jekete. Ojambula ambiri amanyamula marekoda ang'onoang'ono a Zoom kapena Tascam, oyendera mabatire wamba. Mabatirewo si nkhani yaing'ono, chifukwa nyumba masauzande ambiri m'derali zilibe magetsi, ndipo midzi ndi yotalikirana. Ukaiwala mabatire apadera, ulendo wonse wapita pachabe.

Rekodayo amaitchera kuti ijambule mu mtundu wa fayilo ya mawu wotchedwa WAV, osati MP3. MP3 imachepetsa fayilo potaya mbali ya mawu imene ikuganiza kuti khutu silingaizindikire, ndipo chotayidwacho sichibweranso. Pa miyezo ya ubwino wa mawu ojambulidwa, osunga mawu amafuna 48 kHz ndi 24-bit kapena kuposa apo. Ola limodzi lojambulidwa motere mbali ziwiri limadya pafupifupi 1 GB, ndiye memori khadi ya 32 GB ikukwanirani tsiku lonse mpaka kutsalako.

Chinenero cha Navajo chimafuna khutu lakuthwa. Chili ndi mavawelo aatali ndi aafupi, ena otulukira m'mphuno, chili ndi kukweza ndi kutsitsa liwu kumene kumasintha tanthauzo, komanso kadukidwe kakang'ono kapakhosi komwe polemba amakaikira kachizindikiro kake. Gogo wolankhula motsitsa, maiki ali patali, mphepo ya m'chipululu ikuwomba pakhomo, timawu timeneti timasowa. Wodzalemba mawuwo patapita zaka 20 adzangokanda mutu. Ndiye maiki aang'ono aja opanira pa malaya amathandiza, atavekedwa kaubweya kotchinga mphepo, ndipo akhale kutali ndi mkanda. Anavajo ambiri amavala mikanda ya siliva ndi miyala yobiriwira, ndipo mkanda ukamagunda maiki, zonse zimangomveka gobede gobede. Mahedifoni asachoke kumutu. Nkhuni zikuthetheka mu mbaula, nkhosa zikulira panja, khutu lanu lizizolowera, koma maiki sazolowera.

Koma tisanatsegule n'komwe rekodayo, pali njira yolowera. Mlendo wofuna kuchita kafukufuku wotere amayenera kupeza chilolezo ku maofesi a Navajo Nation, ndipo nthawi zambiri amakaonekeranso ku msonkhano wa dera, mwa madera 110 amene amawatcha chapter. Mnyamata kapena mtsikana wa komweko akamakajambula agogo, amayamba ndi kudzitchula mafuko anayi: la mayi ake, la bambo ake, la agogo aamuna akuchikazi, ndi la agogo aamuna akuchimuna. Apo m'pamene wamkuluyo amadziwa kuti akulankhula ndi mdzukulu, mlongo kapena mlendo, ndipo zimene anene zimadalira pamenepo. Wamkulu akakhala chete pakati pa nkhani, osamudula ndi funso. Kukhala chete kumeneko ndi mbali ya nkhaniyo, ndipo pokonza fayilo osakuchotsa.

[Chithunzi: hogan, nyumba ya makolo, chipale chofewa chili pansi]

Tsopano pagona nkhani ndi apa. Ifenso tinakula tikuuzidwa kuti nthano sakamba masana. Kwa Anavajo lamulolo ndi la nyengo. Nthano za Ma'ii, kanyama kochenjera kofanana ndi nkhandwe, zimakambidwa m'nyengo yozizira yokha, kuyambira pamene chisanu choyamba chagwa mpaka bingu loyamba litagunda. Ngakhale masewera opota chingwe pa zala ali ndi nyengo yomweyo. Kwa iwo mawu ali ndi mphamvu, ndipo kukamba nthano pa nthawi yolakwika kungabweretse zovuta pa anthu, pa ziweto ndi pa nyengo. Palinso nyimbo za hataałii, ochiritsa poimba, zomwe zina zimatenga usiku 9 pa mwambo umodzi ndipo munthu amaziphunzira zaka zambiri ali pambali pa mphunzitsi wake. Komanso ambiri osunga mwambo samasuka kumva liwu la munthu amene anamwalira.

Wokamba nthano wamoyo amadziwa zonsezi. Amaona kunja, amaona amene wakhala pamaso pake, n'kusankha chonena. Tepi sidziwa kuti kunja kwatentha. Aliyense woipeza akhoza kuiliza mu July, pamene kwa Anavajo ndi nyengo yotentha. Izi ndi zomwe zinkamudetsa nkhawa Toelken: iye akadzamwalira, matepi adzapita kosungirako zakale, ndipo kumeneko palibe adzalondere malonjezo amene anapangana ndi a Yellowman. Anafotokoza yekha nkhaniyi m'magazini ya akatswiri a zachikhalidwe mu 1998. Ine ndikuona kuti sanalakwe, ngakhale mtima umandiwawa ndikaganiza maola 60 aja.

Intaneti yakulitsa vutoli, chifukwa fayilo imakopedwa kosatha. Ndiye kusunga kwa masiku ano kuli pawiri. Mbali yosavuta ndi iyi: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, imodzi ikhale kwina kutali. Fayilo yoyamba saikhudza, amagwiritsa ntchito kope. Amaiwerengera nambala yotsimikizira, checksum, kuti ikadzawonongeka mwakachetechete adziwe. Hard drive, chida chosungira mafayilo, imafa, choncho pakapita zaka zingapo amasamutsira pa ina. Ndipo tsiku lomwelo amalemba dzina la wolankhula, mafuko ake, malo, tsiku ndi nkhani yake.

Mbali yovuta ndi kulemba malamulo pa fayiloyo. Pali pulogalamu yotchedwa Mukurtu, yomwe inayambira kwa Awarumungu a ku Australia ndipo imasamalidwa ku Washington State University. Imalola eni nkhani kusankha kuti ichi amve aliyense, ichi a banja lokha, ichi a mtundu wokha. Bungwe la Local Contexts nalo linakonza zizindikiro zomata pa zojambula, ndipo chimodzi chimanena kuti chinthuchi chili ndi nyengo yake. Matepi a Doris Duke aja, pamene anayamba kuwasamutsira pa kompyuta cha m'ma 2020, anasankha Mukurtu yomweyi, ndipo mitundu ya eni mawuwo ikufunsidwa kuti ndi ziti zituluke poyera.

Chizindikiro sichingamange manja munthu amene wakopera kale fayilo mu foni yake. N'chifukwa chake funso lofunika limafunsidwa rekoda isanayatsidwe, ndipo yankho lake limajambulidwa m'mawu a wamkuluyo: amve ndani, nyengo iti, ndipo inu mukadzatisiya tidzatani nazo? Ena amati asungireni adzukulu. Ena amati mverani lero, koma makinawo muzimitse. Wojambula akamva choncho amachotsa mahedifoni n'kubweza rekoda m'thumba.